Mlombwa wa Che Dinala

Kuchokera pa boma la Mangochi mpaka ku Chembe, mukatchula dzina la Che Dinala kwa asodzi akale, amayamba aseka kaye, kenako n'kunena kuti, "Aja anamiza tambala aja!" Ndi zokhazo zimene anthu anasunga. Munthu anakhoma maboti zaka makumi awiri, ena mwa mabotiwo anaposa eni ake moyo, koma pakamwa pa anthu panatsala tsiku limodzi lokha. Zimapweteka mtima, chifukwa nkhaniyo si yoseketsa ngakhale pang'ono.

Che Dinala sanali munthu wa kunyanja. Anabadwira kumapiri a ku Namwera, mwana wa mcheka matabwa, ndipo anakula ali pansi pa dzenje akukoka sowo, utuchi ukuwathira m'maso. Kunyanja anatsikira banja. Anakwatira Tatu, amene aliyense ankamutcha Abiti Sumani, nakhala pachikamwini m'mudzi wa asodzi pafupi ndi msewu wa ku Makokola. Kuponya khoka anakulephera, m'bwato ankachita chizungulire, mpaka alamu awo ankawanena kuti mlongo wawo wakwatiwa ndi mbuzi ya kumtunda. Koma azungu ena a chithandizo atatsegula shedi yokhomera maboti a matabwa pafupi ndi mudziwo, zinadziwika kuti mbuzi ija imadziwa mtengo kuposa onse. Pasanathe zaka zisanu anali fundi wamkulu wa pashedipo.

Chuma chawo chinali kuseri kwa shedi, pansi pa denga la udzu: milu itatu ya matabwa a mlombwa. Mulu woyamba unali wa matabwa ongochekedwa kumene, wachiwiri unali utaona dzinja limodzi, wachitatu madzinja awiri. Boti ankakhoma ndi a mulu wachitatu okha. Pakati pa thabwa ndi thabwa ankaika timitengo kuti mphepo idutse, ndipo mwezi ukaoneka ankaphwasula milu yonse n'kutembenuza thabwa lililonse. Akafuna kudziwa ngati lauma, ankaligogoda ndi chala khutu ali nalo pafupi, ngati mmene mayi amagogodera mphika pamsika. Abiti Sumani ankati akanakhala kuti iye amatembenuzidwa ndi chikondi chotere bwenzi sanakalambe.

Thabwa louma lili ndi khalidwe lake: likalowa m'madzi limafufuma. Choncho pokhoma, Che Dinala ankasiya kampata kolowa nsonga ya mpeni pakati pa matabwa, n'kutsekamo thonje. Boti likatha ankalipaka penti, kulemba dzina limene mwini wake wasankha, kenako n'kulikokera pamadzi ofika m'khosi, kulidzaza miyala mpaka limire. Linkakhala pansipo masiku atatu. Matabwa ankamwa madzi, kufufuma, n'kulumana okha mwakuti pambuyo pake dontho silinkalowa. Asodzi onse ankadziwa zimenezi. Maboti olembedwa mayina a amayi awo, ngakhale olembedwa kuti Mulungu Apatsa, ankamizidwa chimodzimodzi ndipo palibe ankadandaula.

M'chaka cha 1974 kunabwera manijala watsopano, a Kalisto a ku Dedza, Mkatolika wovala tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Anthu amakonda kunena kuti a Kalisto ndiwo anali oipa m'nkhaniyi. Sanali oipa, ndipo n'chimene chimakwiyitsa kwambiri. Anabwera atasenza zinthu zitatu zimene sizinkagwirizana. Akulikulu ankafuna maboti ambiri ndi otsika mtengo, kuti asodzi aleke kugwetsa mitengo ikuluikulu yosemera mabwato. Azungu anali atanena kuti pakatha zaka zitatu akupita kwawo, ndiye shedi iyenera kudzidyetsa yokha ndi antchito ake makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Chachitatu, maboti akhale olimba, asamapereke ana a anthu kwa mwera.

Tsiku lina anawaitanira Che Dinala kuseri kwa shedi, naima pakati pa milu ija.

"A fundi, pachaka mumakhoma maboti angati?"

"Asanu ndi limodzi, bwana. Chaka chabwino asanu ndi awiri."

"Nanga amene anagula boti lanu amabweranso liti?"

Che Dinala anamwetulira monyada. "Sabweranso, bwana. Amabwera ndi mwana wake."

"Ndiye vuto lake limenelo. Ife tidya chiyani podikira mwanayo?" A Kalisto anapukuta thukuta ndi tayi. "Ku Zomba kuli paini wambiri, wotchipa. Atumani akuti ndi paini angakhome boti limodzi pa masabata awiri."

Atumani anali wachiwiri kwa Che Dinala, mmisiri wa manja othamanga ndi mtima wosakhalitsa pa chinthu.

"Paini wamuwisi, bwana? Ngwamba, ayi ndithu. Tsiku loyamba boti lake silidontha, zoona, chifukwa thabwa lakhuta kale madzi. Koma likakhala padzuwa limanyala, mipata n'kutseguka. Zaka zinayi laola."

"Likaola abweranso kudzagula lina," anatero a Kalisto motsitsa mawu, akuyang'ana pansi, chifukwa iwonso anamva kuipa kwa mawuwo.

Anakangana miyezi. Pomaliza anagwirizana kuti shedi igawidwe pawiri: mbali ina Atumani ndi paini wake, adyetse anthu lero, mbali ina Che Dinala ndi mlombwa, asunge dzina la shedi ndi luso lake. Che Dinala anachenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa, a Kalisto n'kuyankha kuti phanga limodzi silikwana anthu makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi. Zinayenda chaka chimodzi. Kenako akulikulu anayamba kulemba makalata ofunsa chifukwa chake matabwa abwino akungogona kuseri kwa shedi zaka ziwiri ngati odwala. Ankafuna milu yonse igulitsidwe, malowo amangepo shedi ina ya paini.

Apa m'pamene a Kalisto anaganiza nzeru imene ankaiona ngati yakuya. Pa boma pankabwera msonkhano waukulu wa chipani, ndipo masiku amenewo aliyense, kaya ndi sitolo kaya ndi mudzi, ankayenera kupereka mphatso. Ena ankapereka mazira, ena mbuzi. A Kalisto anati shedi ipereke boti la mlombwa, labwino kuposa onse. Akuluakulu akaliona n'kulisisita, ndani angayerekezenso kugulitsa milu ija? Mwinanso chilolezo chodula mlombwa wina ku Namwera chingatuluke.

Che Dinala anakhoma botilo ngati akukhoma la mwana wawo. Anasankha matabwa opanda mfundo, misomali ya mkuwa yokhayokha, nthiti zake anasema okha ndi kasemasema. Linatha Lolemba, msonkhano uli Loweruka. Lachiwiri kunabwera wolemba zikwangwani wa pa boma, najambula tambala wa chipani mbali zonse ziwiri za kutsogolo, wamkulu, chifuwa chili tototo. A Kalisto analizungulira katatu, nawagwira dzanja Che Dinala, kenako n'kukwera lole kupita ku Zomba kukatenga paini. Kumiza maboti anali atakuona kambirimbiri, koma tsiku limenelo sikunawabwerere m'mutu.

Che Dinala anawerenga masiku pa zala. Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Loweruka m'mawa livuulidwe litalumana bwino, lipite ku boma. Kodi akanapereka kwa akuluakulu boti lodontha? Manyazi ake akanawaika pati? Lachitatu m'mawa anaitana Atumani ndi antchito ena, nalikokera pamadzi, kulidzaza miyala monga mwa masiku onse. Litamira anazika nsungwi pambali pake, n'kumangapo kansanza kuti mabwato asaligunde, nabwerera kukapala matabwa akuimba.

Lachinayi dzuwa lili paliwombo kunafika tcheyamani wa chipani wa dera limenelo ndi ayufi anayi, kudzaona mphatso. Anali munthu wa kumtunda, wogulitsa fodya, amene nyanja ankaidziwa pa nsomba ya m'mbale basi.

"Fundi ndinu? Mphatso ya chipani ili kuti?"

Che Dinala anavula kofia, naloza nsungwi ija monyadira. "Ili apo, bwana. Ikumwa madzi."

Tcheyamani sanamvetse. Anakwera bwato, msodzi wina n'kumupalasira mpaka pa nsungwipo. Tsoka ilo, tsiku limenelo kunalibe mphepo, madzi ali mbee ngati a m'botolo. Anasuzumira, naona tambala wa chipani ali pansi pa nyanja, boti lake litatsinjikidwa ndi miyala, tinsomba tikudutsa pa mlomo pake.

Pobwera kumtunda sanakalipe. Anafunsa mofatsa, ndipo antchito amene ankadziwa zinthu anayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

"Anakutumani ndani kuti mumize chipani?"

"Iyayi bwana, si chipani, ndi boti. Thabwa louma limafuna..."

"Ndafunsa kuti anakutumani ndani."

"Palibe, bwana. Timatero nthawi zonse."

"Nthawi zonse. Mwamva anyamata? Akuti amatero nthawi zonse." Anatembenukira kwa ayufi. "Livuuleni msanga."

Apa Che Dinala akanangokhala chete, mwina akanalipa mbuzi n'kupepesa zikanatha. Koma ufundi ndi matenda. Anathamanga n'kuima pakati pa ayufi ndi madzi, manja atatambasula.

"Chonde bwana, lisiyeni mpaka Loweruka! Mukalivuula lero muliwononga. Likhale pansi pomwepo masiku atatu."

Mawu amenewo anamveka kwa anthu oposa makumi awiri. Dera lino linkayang'anidwa kale ndi diso lofiira kuyambira zipolowe za zaka za m'mbuyomo, ndipo tcheyamani amene wagwira chigawenga ankakwera msanga. Anawamanga ndi chingwe cha khoka, nawayendetsa pansi mpaka pamsewu, kofia itatsala pamchenga.

A Kalisto anafika Lachisanu ndi lole ya paini, napeza akudikiridwa. Anawafunsa funso limodzi: kodi inu monga manijala munalamula zimenezi, kapena mukudziwapo kanthu? Akanatha kufotokoza za thabwa louma, anali munthu wophunzira, akanamveka kuposa fundi wa Chiyao wosadziwa kulemba. Koma kufotokoza kunali kuvomera kuti shedi yonse imadziwa, ndipo shedi ikanatsekedwa tsiku lomwelo. Anayang'ana antchito ake ali ndii pakhomo, nayankha kuti, "Ine kunalibe." Sananame. Atumani naye anati anauzidwa kuti miyalayo ndi ya nangula. Madzulo a tsiku lomwelo tambala wina anajambulidwa pa boti la paini, ndipo Loweruka linaperekedwa penti isanaume. Akuluakulu analiyamikira kwambiri poona kuti silidontha. La mlombwa lija analivuula n'kukaliika kuseri kwa polisi ngati umboni, pomwe dzuwa linaling'amba mpaka ana ankalowetsa manja m'mipata yake.

Che Dinala anakhala m'ndende miyezi khumi ndi isanu ndi inayi osaonana ndi woweruza. Zimene zinachitika kumeneko sanauzepo munthu, ngakhale mkazi wawo. Chimene chinaoneka n'chakuti anatuluka khutu lakumanja litagontha, khutu lomwe ankamvera nalo matabwa.

Nthawi yonseyo milu itatu ija sinagulitsidwe. A Kalisto ankawazengereza akulikulu ndi zifukwa zosiyanasiyana, ndipo mwezi ukaoneka, Lamulungu akachoka ku tchalitchi, ankavula tayi n'kutembenuza okha matabwa onse mpaka manja kuchita matuza. Ankatumizanso ufa kwa Abiti Sumani, iye n'kumaubweza. Tsiku lina atakumana pamsewu, mayiyo anawayang'ana m'maso osagwada n'komwe.

"Ndamva kuti mumatembenuza matabwa, a manijala. Sikomo. Nanga mwini wake kumene aliko akumutembenuza ndani?"

A Kalisto anangodutsa, mutu uli pansi.

Che Dinala atabwerera anapeza shedi yakula. Antchito anali atafika makumi anayi, maboti a paini akutuluka ngati zitumbuwa, asodzi akugula, ena akubwera kale ndi oyamba aja kuti awamate. Anapita molunjika kuseri, nagogoda thabwa, n'kutembenuza mutu kuti amve ndi khutu lakumanzere. Linalira bwino. Mlombwa unali utauma kuposa kale lonse, wokwana maboti khumi ndi asanu. Misozi inatsika, ndipo sanaibise.

Koma chinthu chimodzi chinali chitasintha. Chichokereni iwo, palibe munthu m'mbali yonse ya nyanjayi amene anamizanso boti. Panalibe lamulo loletsa, mantha okha anakwanira. Ndipo boti la thabwa louma losamizidwa limadontha ngati dengu.

A Kalisto, pofuna kukonza zimene anaononga, anayenda maulendo anayi kwa tcheyamani watsopano, popeza woyamba uja anali atakwezedwa. Anabwera ndi kalata yodindidwa. Inkati shedi ikuloledwa kumiza boti pa zifukwa za ntchito, malinga likhale losapakidwa penti, lopanda dzina kapena chithunzi, ndiponso tcheyamani akhalepo. Kumiza boti kunasanduka nkhani ya chidindo! Abiti Sumani atamva anati, "Che Dinala, asiyeni anthu amenewa. Anakudyani kamodzi, mukufuna akumalizeni?" Koma fundi anali atagwira kale puleni yopalira matabwa. Wogula anapezekanso, Che Sulemani a ku Chembe, amene bambo awo anali ndi boti la Che Dinala.

Anakhoma miyezi iwiri. Manja anali asanaiwale kanthu. Tsiku lomiza, tcheyamani anabwera ndi ayufi awiri, anamuikira mpando pamchenga, nakhala atapinda miyendo, kabuku kali pabondo. Sanali munthu waukali, anabweranso ndi nzimbe yake. Antchito analikokera boti pamadzi n'kubwerera msanga kumtunda. Miyala inali itaunjikidwa m'mphepete.

Che Dinala ananyamula mwala woyamba, nalowa m'madzi mpaka m'chiuno. Atafika pa boti anacheuka. Tcheyamani anali atatsegula kabuku kaja, cholembera chili m'manja. Mwina ankangofuna kulemba tsiku. Che Dinala anatembenukiranso ku boti. Anayesa kukweza mwala kuti udutse m'mphepete mwa boti, koma mikono inakana. Anaima choncho nthawi yaitali, munthu wamkulu wa imvi, mwala ataufungatira pachifuwa, anthu makumi anayi akuwaonerera. Kenako anautsitsira m'madzi pambali pa boti, natuluka.

"Wina aponye," anatero mawu ali pansi. "Ine ndiloza poika."

Atumani anayang'ana zala za kumapazi kwake. Antchito ena anapeza zochita ndi zipewa zawo. A Kalisto anasuntha phazi limodzi kulowera ku miyala kuja, nayang'ana tcheyamani, nayang'ana kabuku, manja n'kubwerera m'matumba. Che Sulemani anadzuka n'kukutumula mchenga pa kanzu yawo.

"Fundi, mundikhululukire. Boti loyamba ntchito ndi kulembedwa m'buku la chipani ine sindingaikemo ana anga. Ndipatseni la paini."

Tcheyamani anamaliza nzimbe yake, nafunsa ngati mwambo watha.

Zitatero a Kalisto analibenso chonena kwa akulikulu. Azungu anali atapita, shedi inkafuna malo, ndipo hotelo ina ya m'mbali mwa nyanja inkafuna matabwa abwino a zitseko ndi a tebulo lalitali la m'bala. Che Dinala anaikidwa ku mbali ya paini. Anakhomako zaka khumi ndi chimodzi, misomali ikulowa m'thabwa lamuwisi madzi n'kumatuluka m'mbali mwake, iwo akudziwa bwino chimene akukhoma. Sanadandaule, sanaphunzitsenso munthu, ndipo a Kalisto akawapatsa moni ankatembenuzira khutu logontha lija. Anamwalira chipani chisanagwe. Koma Abiti Sumani ankanena mpaka ukalamba wake kuti amuna ake sanafe chaka chimene anaikidwa m'manda, anafa tsiku limene kunabwera lole ya ku hotelo.

Linali tsiku la mu Novembala, kukutentha kopanda mphepo. Palibe anawauza kuti athandize kupakira, koma sanalole kuti wina aponye matabwawo. Ankanyamula limodzilimodzi, kulipukuta fumbi ndi mkono wa malaya, kuliyala bwino m'lole, n'kuika timitengo pakati pake. Dalaivala ankangoliza hutala kuti afulumire. Thabwa lomaliza litakwera, Che Dinala anayang'ana kumapiri a ku Namwera, naona kuti kwada bii.

"Achimwene, lona muli nayo? Fundirani, mvula iyo ikubwera."

Dalaivala anaseka. "Madala, amenewa ndi matabwa, si shuga."

"Auma zaka zisanu amenewa. Sanalaweko dontho. Chonde, dikirani ndikatenge mphasa kunyumba, si patali."

"Ndikudikireni inu ndi mphasa? Ndili ndi maulendo awiri ine."

Che Dinala anathamangabe, ndi miyendo yawo ya kundende ija. Anasolola mphasa ziwiri zogonera, Abiti Sumani akuwafunsa kuti kwagwanji, nabwerera ali wefuwefu. Anapeza lole itafika kale pamsewu waukulu, ndipo mvula yoyamba ya chaka chimenecho inali itayamba, ya madontho akuluakulu. Anaima pakhomo pa shedi ndi mphasa zawo kukhwapa, akuona mlombwa wawo ukusanduka wakuda pamwamba pa lole, mpaka inakhota.